Dengu la apongozi salongedza tsiku limodzi

M'banja lililonse muli munthu mmodzi amene dzina lake likatchulidwa pokambirana za mphatso za Khirisimasi, onse amayamba ausa kaye moyo. Kwina ndi apongozi, kwina ndi amalume, kwina ndi alamu a m'tauni aja amene amayamba atembenuza chinthu uku ndi uku asanachilandire. Mukawagulira chitenje, akuti maluwa akewo ndi a atsikana. Mukawatumizira ndalama pafoni, akuti mwawayesa opemphetsa. Mukangokhala chete osawapatsa kanthu, nkhani yanu ikafika kwa ankhoswe chaka chisanathe. Makalata angapo amene ndalandira mwezi uno, ambiri ochokera kuno kwathu ku Thyolo, akufunsa funso limodzi: kodi munthu wotereyu tizimupatsa chiyani?

Yankho langa ndi dengu lolongedza nokha, la zinthu zimene manja anu akhudza. Koma ndisanafike pa zoika m'dengumo, tiyeni timvetsetse kaye matenda amene tikufuna kuchiza. Anthu ambiri amene timawanena kuti ndi osayamika amakhala akudandaula chinthu chimodzi, kuti wopereka mphatsoyo sawadziwa. Mwakhala nawo chaka chonse, mwadya nawo pamaliro ndi paukwati, koma mphatso yanu ndi yoti mukadatha kupatsa munthu aliyense wodutsa mumsewu. Pamenepo ndiye pagona mkwiyo wawo. Dengu labwino limauza wolandirayo kuti mudaona chimene amakonda, chimene adaleka kudya, ndi chimene chidawasowa mwezi watha. Ntchito yaikulu ili m'maso ndi m'makutu, ndipo imayamba miyezi ingapo Disembala asanafike.

Tikumbukirenso kuti Khirisimasi ya ku Thyolo imagwa pa nthawi yovuta. Mvula ikagwa, tiyi amaphukira mwamphamvu, ndipo kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo ndiyo nyengo imene ntchito yothyola imafika pachimake. Kukacha, m'minda ya Satemwa, Conforzi, Makandi, Naming'omba, Nchima ndi ya ku Makwasa mumakhala muli kale anthu, madengu kumsana, akuthyola masamba awiri ndi kansonga mpaka nthawi yopita kusikelo. Kandalama kamaoneka m'nyengo imeneyi, koma kamapeza eni ake akudikira kale pakhomo. Chimanga cha m'nkhokwe chatha, pakuti minda ya anthu kuno ndi yaing'ono: boma lino lidapezeka ndi anthu oposa 700,000 pa kalembera wa 2018, pomwe malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi ndi makademiya. Chimanga cha kumunda chikufuna feteleza wobereketsa. Mu Januwale ana akufuna fizi, makope ndi yunifolomu.

Kuwonjezera apo, chichokereni pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi sopo siyidakhalenso malo amodzi. Tsono munthu akapita ku Limbe kapena ku Blantyre n'kuona madengu a m'masitolo akuluakulu aja, okutidwa ndi pepala lonyezimira ndi kansalu kofiira, mtima umadumpha. Akafunsa mtengo, umadumphanso kachiwiri. Yang'anitsitsani dengu lotero: pansi pake adayalapo mapepala ong'ambang'amba kuti lioneke lodzaza, pamwamba pali mabisiketi, kachitini ka jamu ndi botolo la chakumwa. Adalikonza anthu amene apongozi anu sawadziwa n'komwe. Ndipo pali mabanja amene amatenga katapila, kapena kuthera pamenepo ndalama yonse imene agawana ku banki m'khonde, kuti agule chinthu chimene chikasekedwebe kuseri kwa nyumba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene tili nazo pafupi n'zokwanira, bola tizisankhe mwanzeru.

Tiyambe ndi dengu lenilenilo. Boma la anthu othyola tiyi silingasowe oluka madengu, ndipo pamsika wa Bvumbwe, wa Luchenza kapena wa pa Boma mupezapo madengu, malichero ndi nsengwa za nsungwi. Musaone chotengera ngati chinthu chongonyamulira. Shuga atha pa sabata imodzi, koma lichero lolukidwa bwino likhala likupeta chimanga mpaka Khirisimasi ina, ndipo nthawi iliyonse mwini wake akaligwira adzakumbukira amene adabwera nalo. Posankha, likanikizeni pansi ndi chikhatho kuti muone ngati silikufwamphuka, yendetsani chala m'mkombero ngati mulibe zobaya, ndipo gogodani pang'ono: likamatuluka kafumbi koyera, ndiye kuti nsungwiyo yafumbwa kale. Ngati mukudziwa kuti apongozi akupetera m'lichero lobooka, mwapeza kale theka la mphatso yanu. Pophimba, kansalu koyera kapena chitenje chatsopano chiposa pepala lonyezimira, chifukwa nacho chikagwira ntchito.

Tsopano kwa apongozi eni akewo. Kuno ambiri tili pa chikamwini, mwamuna amakhala kwawo kwa mkazi, ndipo mkamwini amaonedwa ndi maso ambiri kuposa mmene iye akuganizira. Vuto lake ndi lakuti mwambo sumulola kukhala pansi ndi apongozi aakazi n'kumacheza nawo momasuka, tsono zimene amakonda angazidziwe bwanji? Njira ilipo. Funsani mayi a kunyumba, funsani alamu anu aang'ono amene amatumidwatumidwa kukagula zinthu. Iwo ndiwo akudziwa kuti mayi masiku ano akudandaula msana posinja, kuti nyali yawo idafa, kuti amakonda usipa wofutsa koma wowuma umawakanda pakhosi. Mphatso imene imagwira mtima wa munthu wamkulu ndi imene ikumuchotsera ntchito: ufa woyera wosefa kale, nsinjiro zosinja kale, nandolo wosankha bwino wopanda timiyala, mchere, machesi, ndi nkhuku yachikuda yamoyo pambali. Nkhuku ya moyo imawapatsa ufulu wosankha okha, kaya aphe pa Khirisimasi, kaya aisunge iikire mazira. Munthu wovuta amakonda kusiyiridwa mpata wolamula.

Kaperekedwe nako ndi gawo la mphatso. Mkamwini sanyamula dengu n'kukalitula yekha pamiyendo ya apongozi anthu akuona, ngati akupereka mphoto pamsonkhano. Dengu lidzere kwa mwana wawo. Iye alowe nalo m'nyumba, agwade, anene kuti, "Amayi, bambo a kunyumba akuti kangachepe aka mumwere madzi." Mawu akuti kangachepe musawasiye, ngakhale dengu litalemera chotani. Ndipo musatchule mtengo wa chinthu chilichonse, kaya pamaso pawo kaya kumbali, pakuti mawu a kumbali ndiwo amafika msanga.

Kwa inu amayi amene mukukonzera dengu mayi a amuna anu, mayeso ake ndi ena. Iwo sayang'ana kuchuluka kwa katundu. Adzatsina ufa ndi zala kuti amve ngati wasalala, adzanyema chigumu kuti aone ngati chapsa mpaka pakati, adzanunkhiza chiponde. Choncho ikani zokhazo zimene mumazitha. Ngati dzanja lanu limakoma pa zitumbuwa, pangani zitumbuwa. Sabata ya Khirisimasi si nthawi yophunzirira keke imene mudaiona pa Facebook. Ndipo pali kanzeru kena kamene akuluakulu amakakonda ngakhale sanena: ikanimo chinthu chimodzi chimene adakuphunzitsani iwo eni. Munthu sanyoza mfutso wofutsidwa m'njira imene iye mwini adalangiza, pokhapokha akufuna kudzinyoza yekha.

Gulu lachiwiri ndi la anthu amene amaoneka ovuta chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Ku Makwasa kuli mishoni ya Malamulo, ya mpingo wa Seventh-day Adventist, imene idakhalapo kuyambira 1902, ndipo mabanja ambiri m'boma lino ndi a mpingo umenewu. N'zoseketsa koma n'zoona kuti pakati penipeni pa minda ya tiyi pali anthu ambiri amene tiyi samwa, khofi samwa, nkhumba sadya, ndipo nsomba zopanda mamba monga mlamba sazikhudza. Mukawaikira paketi ya tiyi ndi milamba yowamba, adzalandira ndi manja awiri, koma mumtima adzati mwana uyu zaka zonsezi sadandidziwebe. Aikireni chidede chowumitsa, lemon grass, uchi, mtedza ndi zipatso. Ndipo musawatume mwana kukalandira katundu pa siteji tsiku la Sabata.

A Mboni za Yehova sachita nawo Khirisimasi. Mukawapititsira dengu pa 25 Disembala n'kulitcha la Khirisimasi, mwawaika pakati pa chikhulupiriro chawo ndi chibale chanu, ndipo akakana mudzati ndi amwano. Dikirani masiku apite, mukapereke mu Januwale pamene njala yafika poluma, kapena pa nthawi yokolola, ngati mphatso ya chibale chabe. Kwa anansi athu Achisilamu, nkhuku ipite yamoyo kuti akazinge okha monga mwa chipembedzo chawo, ndipo chophika chilichonse chichokere mu mphika umene iwo sangaukayikire. Zonsezi sizifuna ndalama yowonjezera ngakhale tambala imodzi.

Gulu lachitatu ndi la odwala. Tidazolowera kuti dengu lopanda paketi ya shuga ndi botolo la Sobo si dengu. Koma matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afika m'midzi, sali m'tauni mokha. Amalume amene achipatala adawaletsa zotsekemera mukawapatsa shuga, jamu ndi mandasi, mwawapatsa zinthu ziwiri zoti asankhepo: adye adwale, kapena agawire ena iwo atsale akuyang'ana. Akang'ung'udza, musadabwe. Dengu lawo likhale la nyemba, nandolo, mgaiwa, masamba ofutsa, mtedza wokazinga wopanda mchere, ndi mapeyala ngati ayamba kupezeka. Musanyengedwe ndi zonena za anthu zakuti uchi ulibe vuto kwa wodwala shuga chifukwa ndi wachilengedwe. Uchi ndi wotsekemera ndithu ndipo umakweza shuga m'magazi. Ngati pakhomopo pali khanda, muwakumbutsenso kuti mwana wosakwana chaka sapatsidwa uchi. Agogo amene mano adatha musawaikire chimanga chokazinga kapena mtedza wathunthu. Apatseni chiponde ndi ufa wa phala wosakaniza soya ndi mtedza, zimene adye popanda kupempha mdzukulu kuti awasinjire.

Gulu lachinayi ndi limene limaopsa ambiri: achibale a m'tauni ndi aja obwera kuchokera ku Joni mu Disembala, atanyamula zikwama zamizeremizere zodzaza mabulangete ndi nsapato. Poyang'ana zimene abweretsa, munthu umadziona wochepa, n'kuyamba kuganiza zokagula chinthu cha m'sitolo choti chifaneko. Mpikisano umenewo simungapambane. Chilichonse chimene mungagule pa Luchenza, iwo adachiona chabwino kuposa pamenepo ku Johannesburg. Koma pali zimene ndalama zawo sizingagule kumeneko: makaka, mfutso wa khwanya, nandolo wa kumunda kwa amayi awo, tsabola wa kambuzi wowumitsa, ufa wa chinangwa. Munthu amene wakhala zaka zitatu akudya nkhuku ya m'firiji, fungo la mfutso wotendera limamufikitsa kwawo msanga kuposa basi.

Kwa amenewa ndiye tiyi ali pamalo pake. Tiyi wakhala akulimidwa m'maboma a Mulanje ndi Thyolo kwa zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, idayamba mu 1923. Wambiri mwa tiyi ameneyu amatumizidwa kunja, wina kudzera kumsika wa tiyi wa ku Limbe, ndipo maiko a Britain ndi South Africa ali m'gulu la ogula akuluakulu. Kumeneko amakasakanizidwa ndi tiyi wa maiko ena n'kuikidwa m'mapaketi a maina ena. Ndiye kuti mbale wanu wa ku Joni uja mwina wakhala akumwa masamba othyoledwa ndi achemwali ake enieni osadziwa. Paketi yolembedwa dzina la kwawo, yoti akaonetse anzake a kuntchito, idzamukoma mwa njira ina. Kumbukirani chabe kuti ulendo wobwerera, wodzera ku Mwanza, Tete, Zimbabwe mpaka Beitbridge, ndi wa masiku, ndipo pazipata za maiko zipatso ndi zomera zaziwisi zimatha kulandidwa. Dengu la wapaulendo likhale la zowuma zokhazokha, zomangidwa bwino.

Pa kalongonda ndichenjeze padera. Kwa ife Alhomwe palibe chakudya chonena za kwathu kuposa chimenechi, ndipo wachibale wa m'tauni akhoza kulumpha ndi chimwemwe atachiona. Koma kalongonda ali ndi poizoni amene amachoka pokhapokha ataphikidwa nthawi yaitali, madzi ake n'kumatayidwa kangapo. Wosapsa bwino amadwalitsa. Ngati pakhomo pamene dengu likupita palibe munthu amene adakula akuphika kalongonda, musatumize wosaphika. Muphikeni nokha, adye ali konkuno.

Nanga mnzathu wothyola tiyi, amene ndi mlongo, mlamu kapena mnansi wa ambiri a ife? Kumupatsa paketi ya tiyi yokha kuli ngati kupatsa msodzi wa ku Kachulu matemba. Ganizirani tsiku lake. Amadzuka kusanache, amalowa m'tiyi wonyowa ndi mame kapena mvula wofika m'chiuno, zala zimachita ming'alu, ndipo pobwera madzulo mphamvu yosinja kapena kusankha nyemba imakhala itatha. Dengu lake likhale ndi mafuta odzola ochindikala a m'manja ndi kumapazi, sopo, kapulasitiki kolimba kodzitetezera kumvula, mtedza wokazinga woti aziponya m'kamwa popita, ndi ndiwo zosachedwa kupsa. Mukatha, muikiremo nsapato za jombo. Sizioneka zachikhirisimasi, koma mu Febuluwale mvula ili pakati adzakudalitsani.

Pano ndiyikepo chenjezo limene ena sakondwa nalo. Nyengo ya Khirisimasi ndi yomweyonso imene anthu ambiri a ntchito ya nyengo amalembedwa m'maesiteti. Dengu lopita kwa kapitawo kapena kwa aliyense amene ali ndi mawu pa kulembedwa kwanu, kapena kwa mwana wanu, lasiya kukhala mphatso. Ngakhale mtima wanu uli woyera, anzanu a pamzere adzaliona ngati chiphuphu, ndipo wolandirayo akhoza kutaya ntchito chifukwa cha nkhuku imodzi. Choipa kwambiri n'chakuti mukayamba, mwaika mtengo pa ntchito imene mnzanu wopanda nkhuku amayeneranso kuipeza. Ngati akapitawo ndi mbale wanu weniweni, adikire nyengo ithe. Chimodzimodzinso makademiya. Ndi mtedza wokoma, ndipo m'dengu umaoneka wapamwamba, koma kuba makademiya m'minda ya maesiteti ndi nkhani imene imafikitsa anthu kupolisi. Wina akakutsatsani wotchipa madzulo kuseri kwa msika, musiyeni apite. Gulani wa m'paketi pamalo odziwika, apo ayi mtedza wathu wamba ukwanira. Mphatso isakasanduke umboni wa kukhoti m'nyumba ya apongozi.

Tibwere ku kakonzedwe, pakuti chopanga pakhomo chikakhala chosasamalika chimanyozetsa kuposa chogula. Pa chiponde ndi nsinjiro, yambani mwasankha mtedza umodziumodzi. Wonyala, wakuda, wobooka ndi wachuku tayani, ndipo musapatse ngakhale nkhuku. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Kazingani pamoto wochepa mpaka khungu liyambe kusupuka lokha, pukusani, petani, kenako sinjani mpaka mafuta atuluke. Madzi asalowemo ngakhale dontho.

Disembala ndi mwezi wa mango, ndipo nanazi za ku Mulanje zimakhala zili mbwee m'misika. Pa achali, tengani mango osapsa, muwadule tizidutswa, muwathire mchere, muwayanike mpaka madzi achepe. Poti ndi nthawi ya mvula, yang'anani kumwamba musanayambe, chifukwa mango onyowa amachita nkhungu m'botolo. Sakanizani ndi tsabola ndi adyo, ndipo mafuta ophikira amene mwawatenthetsa n'kuwaziziritsa akwirire zonse mpaka pamwamba. Pa jamu, zipatso ndi shuga zikhale pafupifupi zolemera mofanana, mufinyiremo ndimu, muwiritse mukutakasa mpaka dontho lake likagwera pa mbale yozizira lisayenderere. Mabotolo ndi zotsekera zake muziwiritse m'madzi kwa mphindi 10, ziume zokha mutazivundikira pa nsalu yoyera, ndipo muthiremo jamu akadali wotentha. Matani kapepala kolemba dzina la chinthucho ndi tsiku limene mwapanga. Alamu okayikira aja akaona tsiku, funso lawo loyamba layankhidwa asanafunse.

Polongedza, dziwani kuti zinthu zina sizigonera limodzi. Masamba a tiyi amakoka fungo la chilichonse chimene ayandikana nacho. Mukawaika pambali pa sopo, usipa kapena botolo la parafini, apongozi adzamwa tiyi wa fungo la sopo mpaka paketi ithe, ndipo tsiku lililonse adzakhala akukutchulani. Ufa nawo ndi chimodzimodzi. Sopo ndi mafuta odzola zikhale m'kathumba kake kunja kwa dengu, usipa ukulungidwe pawokha. Zolemera pansi, mabotolo ataimirira ndipo atatsekedwa zolimba, zofewa pamwamba. Nthochi zakupsa zimafulumizitsa kupsa kwa zipatso zina, tsono ngati dengu likhala masiku panjira, ikani zongoyamba kuyezuka. Ndipo phava la nthochi musalione ngati chinthu wamba. Amene tidakula magalimoto akudzaza nthochi za ku Masambanjati, Molere ndi Thekerani tikudziwa mmene matenda a chisaka adapululira minda ya kuno. Nthochi yabwino ya pakhomo lero ndi mphatso yolemekezeka. Ngati dengu likwera minibasi kapena kabaza, limangeni ndi nsalu pamwamba ndi pansi, ndipo thobwa musatumize paulendo wautali, limafufuma n'kuphulitsa chotsekera.

Funso lina ndi la kukula kwa dengu. Pachikhalidwe chathu mbale imene yabwera ndi chakudya sibwerera yopanda kanthu. Chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Tanthauzo lake ndi lakuti mphatso iliyonse imasiya kangongole m'manja mwa wolandira. Mukapititsa dengu lalikulu kwambiri kwa azakhali amene alibe chobweza, mwawasenzetsa manyazi, ndipo anthu ena manyazi amawabisa ndi kunyoza. Mudzamva akuti, "Akufuna ationetse kuti ali nazo." Pamenepo vuto si mtima wawo wokha. Zinthu zinayi kapena zisanu zosankhidwa bwino zikwanira. Ndipo akakubwezerani dengu muli maungu awiri kapena nkhwani wa m'manja, landirani ndi manja awiri ndi kuthokoza kwenikweni. Mukakana kuti "ayi musavutike," mwawalanda mwayi wokhala nawonso opatsa.

Pabanja, kambiranani poyera za madengu a mbali zonse ziwiri. Maukwati ambiri amalowa m'chaka chatsopano ali ndi mfundo kukhosi chifukwa kuchikazi kudapita nkhuku pomwe kuchimuna kudapita kabichi. Madengu sayenera kufanana zinthu zake, pakuti anthu ake ndi osiyana, koma afanane kulemera kwake pamaso pa anthu. Musaiwale kuti azimayi awiriwo amakumana kutchalitchi, kuchigayo ndi kumaliro, ndipo amafunsana. Ndalama yake ichokere pa zimene zatsala mutapatula kale fizi, feteleza ndi chimanga chofikitsa banja mu Malichi. Ngati zotsalazo zikukwana lichero limodzi la nsinjiro, nandolo ndi botolo la achali, limenelo ndilo dengu lanu la chaka chino, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ndikachita zonsezi koma osayamikabe? Choyamba, phunzirani kumva kuthokoza kwa akuluakulu, chifukwa ambiri sathokoza ndi pakamwa. Apongozi akhoza kungoti, "Mwavutikiranji?" n'kukankhira dengu kuseri kwa chitseko osalitsegula. Si mwano umenewo. Kwa iwo kufunyulula mphatso mlendo ali pomwepo ndi khalidwe la ana. Dikirani. Mukadzaona botolo la chiponde labwezedwa lili lotsukidwa bwino, dziwani kuti akupempha lina. Mukadzamva kwa anthu ena kuti amagawira anzawo a kumvano achali n'kumati wapanga ndi mkazi wa mwana wanga, mlandu mwawina. Ngakhale kudandaula kwina ndi kuyamika kobisika: amene akuti tsabola wachepa ndiye kuti wadya.

Chachiwiri, alipo ndithu anthu amene sakondwa ndi chilichonse, ngakhale mutawapatsa ng'ombe adzafunsa chingwe. Otero musawatengere ngongole, ndiponso musawachotse pamndandanda chifukwa cha mkwiyo. Apatseni mwaulemu zimene mungathe, chaka ndi chaka, mtima uli m'malo. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Ana anu amene akukuthandizani kusankha mtedza ndi kutsuka mabotolo akuona mmene munthu amachitira ndi achibale ovuta, ndipo tsiku lina wovutayo mudzakhala inu.

Kwa amene chaka chino nthawi yawathera, chitani zimene zingatheke m'masiku otsalawa: lichero latsopano, nsinjiro, zipatso za nyengo ino ndi nkhuku ngati ilipo. Koma dengu la chaka chamawa liyambe msanga. Masamba a khwanya ndi nkhwani afutseni mvula ikamapita kumapeto, pamene ali ambiri. Mtedza mupatule pokolola, uume bwino, muusunge m'makoko ake pamalo owuma. Nandolo mupatule m'chilimwe mitengo isanakwere. Anapiye oti adzakhale nkhuku za Disembala asankheni cha m'ma Juni. Woluka madengu mumuuze mu Okutobala, asanapanikizike ndi maoda. Ndipo chaka chonse, pamene apongozi, amalume kapena alamu akudandaula kuti chakuti chidatha, chakuti chidathyoka, chakuti sindidachilawe kalekale, inu muzingomva n'kusunga mumtima. Mndandanda wa zoika m'dengu amakupatsani ndi iwo eni, kungoti amaupereka pang'onopang'ono ngati madandaulo.